Makande a ku Centurion

Mwa masewero onse amene anthu amasewera ndi mpira, kiriketi ndiye amene amalemekeza dothi koposa. Mu mpira wamiyendo bwalo ndi malo opondapo chabe. Kaya likhale la fumbi ngati la pasukulu ya kumudzi, kaya likhale la udzu wobiriwira, wodziwa kusewera amasewera ndithu. Koma mu kiriketi mpira umayamba wagunda pansi usanafike kwa womenya. Woponya amabwera chothamanga naugwetsa padothi, ndipo dothilo ndilo limagamula ngati mpirawo udzuke kufika m'chiuno, pachifuwa kapena pakhosi, ngati upitirire molunjika kapena upatuke pang'ono. Choncho wofuna kumvetsa masewerowa ayambe wamvetsa kachigawo kopapatiza kamene kali pakatikati pa bwalo, kotalika mamita 20 ndi pang'ono, m'lifupi mwake mamita 3. Eni masewero amakatcha pitch. Ine, pokhala munthu wodyera ntchito ya m'dimba, ndimakatcha bedi, pakuti kasamalidwe kake sikasiyana kwenikweni ndi ka bedi la mbewu.

Bedi limene ndikufuna kukamba lili pa bwalo la SuperSport Park m'tauni ya Centurion, kumwera kwa Pretoria, pafupi ndi mtsinje wa Hennops. Ambiri kwathu dzina la SuperSport amalidziwira pa kanema woonetsa mpira wa ku England, osadziwa kuti palinso bwalo lotchedwa dzina lomweli. Bwaloli lidatsegulidwa mu 1986, pamene timu ya chigawo cha Northern Transvaal idasamuka ku Berea Park, bwalo lake lakale la mkati mwa Pretoria. Masiku amenewo tauniyi inkatchedwa Verwoerdburg pokumbukira Hendrik Verwoerd, nduna yaikulu imene idakhwimitsa malamulo a tsankho, koma bwalolo adalitcha Centurion Park. Ulamuliro wa tsankho utatha, mu 1995 tauni idavula dzina la Verwoerd nivala la Centurion, limene bwalo lidali nalo kale. Lero Centurion ndi mbali ya mzinda waukulu wa Tshwane. Bwaloli limalowa anthu pafupifupi 22,000, ndipo gawo lalikulu la malo oonerera ndi zitunda za udzu zimene anthu amayalapo nsalu, ana akumathamangathamanga, utsi wa nyama yootcha ukumayenda pamwamba pa mitu.

Kwa owerenga amene sadaonepo masewerowa, ndinene mwachidule. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11. Ina imaponya, ina imamenya. Womenya amateteza timitengo titatu tozikidwa kumbuyo kwake uku akusonkhanitsa ma run. Mpira ukagunda timitengoto, kapena akaumenya wina n'kuuwakha usanagwe pansi, womenyayo watuluka. Anthu 10 akatuluka, matimu amasinthana. Masewero aakulu kwambiri, otchedwa Test, amatha kutenga masiku 5, timu iliyonse n'kumenya maulendo awiri pa bedi limodzimodzilo. Bedilo limasintha tsiku ndi tsiku, ndipo kusinthako ndiko mtima wa nkhani yonse.

Ine ndidakulira kufupi ndi Ngabu, m'boma la Chikwawa, kumene kiriketi tinkangomumva kuti ndi masewero a Azungu ndi Amwenye m'makalabu a ku Blantyre ndi ku Limbe. Bambo anga adali mlimi wa thonje pa dothi lakuda lija timalitcha makande. Aliyense amene adagwirapo khasu m'Chigwa cha Shire akudziwa khalidwe lake. Likanyowa limamata khasu ndi mapazi, munthu n'kumayenda ngati wamangiriridwa miyala. Likauma limalimba ngati chitsulo, kenaka limang'ambika ming'alu yoti dzanja n'kulowamo. Pakati pa kunyowa ndi kuuma pamakhala masiku ochepa okha pamene makande amalola kulimidwa, ndipo bambo ankawadziwa masikuwo pofinya dothi m'manja ndi kulinunkhiza. Ndidachoka kwathu mu 2006, kutsata njira ya ku Joni imene amalume adayendamo pa nthawi ya Wenela, ngakhale iwo adapita kukalowa pansi pa nthaka kumigodi pamene ine ndidatsala pamwamba pake. Monga Amalawi anzanga ambiri m'chigawo cha Gauteng, ndidapeza ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za anthu, ntchito imene kwathu timaitchula monyoza kuti ugadeniboyi. Ndidapeza pogona ku Olievenhoutbosch, ndipo kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndakhala ndikukwera minibasi kupita kumayadi a ku Centurion.

Ndidalowa koyamba m'bwalo la SuperSport Park Lamulungu pa 20 Disembala 2009. Bwana wina amene ndinkamugwirira ntchito adali paulendo wopita kunyanja ndi banja lake, ndipo adandisiyira tikiti ya tsiku lomaliza la masewero a pakati pa South Africa ndi England. Malamulo sindinkawadziwa, motero maola oyamba ndidangokhala pa udzu kuyang'ana anthu. Koma pa nthawi yopuma, osewera atatuluka, ndidaona amuna angapo ovala zovala za ntchito akulowa ndi matsache, chidebe cha laimu ndi thabwa lojambulira mizere. Adasesa fumbi la m'mapondero, nakonza mizere yoyera, wina nagwada kuyang'anitsitsa pansi monga ankachitira bambo anga. Pa kanema wamkulu wa m'bwalomo adaonetsa bedilo chapafupi, ndipo mtima wanga udagunda. Lidali dothi lakuda lotuwira pamwamba, lokhala ndi ming'alu yoyenda ngati mitsempha, udzu wake wometedwa mpaka pamizu. Ndidadziuza ndekha m'Chichewa, pakati pa anthu olankhula Chiafrikaans ndi Chingerezi, kuti awa ndi makande, ndipo uyu ndi kapinga.

Tsikulo lidatha mochititsa chidwi. Awa adali masewero a Test a nambala 100 a Makhaya Ntini, mnyamata woweta ng'ombe wa ku Mdingi, ku Eastern Cape, amene mu 1998 adakhala munthu wakuda woyamba wa mtundu wa Chiafirika kusewerera South Africa masewero a Test. Dzuwa litapendeka, anthu 9 a England adali atatuluka, ndipo mipira 6 yomaliza adapatsa Ntini kuti aponye. Womenya wotsiriza, Graham Onions, adaitchinga yonse, masewero n'kutha popanda wopambana. Mkulu wina amene adakhala pafupi nane adagwira mutu. Ine ndidadabwa kuti anthu angathe masiku 5 padzuwa n'kubwerera kwawo osagonjetsana, koma ndidatuluka m'bwalomo ndikudziwa kuti ndidzabweranso, chifukwa cha dothi lija.

M'zaka zotsatira ndidaphunzira, pofunsa ndi pomvetsera wailesi uku ndikutchetcha kapinga wa eni, mmene bedi la kiriketi limakonzedwera. Dongo lakuda limene amagwiritsa ntchito kuno amalitcha bulli. Ndi dongo lofufuma likamwa madzi ndi lofota likauma, monga makande athu. Pamwamba pake amadzalapo udzu wa mtundu wa kapinga, umene mizu yake imamanga dongolo kuti lisaphwasuke msanga. Kukatsala sabata imodzi kapena ziwiri kuti masewero ayambe, osamalira bwalo amathirira bedilo kuti madzi alowe pansi ndithu. Kenaka, pamene likuyamba kuuma, amayendetsapo chigudumu cholemera mobwerezabwereza kuti dongo lithinane. Akafulumira, dothi likadali lonyowa kwambiri, amangokanda phala. Akachedwa, chigudumu chimangoyenda pamwamba osasintha kanthu. Ndi masiku ochepa omwe aja bambo ankawadikira ndi khasu paphewa. Masewero akangoyamba, lamulo limaletsa kuthiranso madzi pabedipo. Chololedwa ndi kuyendetsa chigudumu kwa mphindi zosapitirira 7 m'mawa uliwonse ndiponso timu ikamayamba ulendo wake womenya. Zotsala zonse amazisiya m'manja mwa dzuwa, mphepo ndi mapazi a osewera.

Bedi la ku Centurion limadziwika padziko lonse ndi liwiro komanso kudumphitsa mpira. M'mawa wa tsiku loyamba limakhala ndi chinyezi ndi udzu wobiriwira pang'ono. Mpira wa kiriketi, umene ndi wolimba ndipo umalemera pafupifupi magalamu 160, uli ndi msoko wotukuka pakati pake; msokowo ukaluma udzu, mpira umapatuka mwadzidzidzi. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu dothi limakhala litauma ndi kulimba, mpira umabwera mwamphamvu koma mokhulupirika, ndipo womenya wodekha amakolola. Pofika tsiku lachinayi ndi lachisanu ming'alu imakhala itayasama, ndipo timaenje timene mpira udasiya pamene dothi lidali lofewa timakhala titauma. Apa mpira wina umakwawa pansi ngati njoka, wotsatira wake, wogwera pamalo omwewo, n'kudumphira kumaso. Oponya aliwiro amafikitsa makilomita 140 pa ola kapena kupitirira, kutanthauza kuti womenya ali ndi theka la sekondi lokha loti aganize. N'chifukwa chake atsogoleri a matimu, asanaponye ndalama m'mwamba yosankhira woyamba kumenya, amapita kukagwada pabedi paja, kulisisita ndi kuligogoda ndi zala, kuyesa kulosera za masiku 5 kuchokera pa nkhope ya dothi ya m'mawa umodzi.

Koma dothi silisewera lokha; thambo nalonso lili ndi mbali yake. Centurion ili pamtunda wa Highveld, mamita opitirira 1,400 kuchokera pamwamba pa nyanja yamchere, kutanthauza kuti ndi pokwera kuposa Lilongwe ngakhale sipafika pa Dedza. Mpweya wa pamalo otere ndi wopepuka. Ine wochokera kuchigwa ndidaumva m'chifuwa miyezi yoyamba, pokankha wilibala pachitunda. Mpira nawonso umaumva: suchedwetsedwa kwambiri pochoka m'dzanja la woponya, ndipo ukamenyedwa bwino umauluka kutali kuposa mmene ungaulukire ku Durban kapena ku Cape Town, m'mbali mwa nyanja. Choncho bwalo lomweli limene limazunza omenya m'masewero a masiku 5 limasanduka munda wawo m'masewero aafupi, pamene bedi lakonzedwa losalala ndipo lilibe nthawi yong'ambika. Pa 26 Malichi 2023, m'masewero a T20 amene timu iliyonse imalandira mipira 120 yokha, West Indies idapeza ma run 258, Johnson Charles yekha 118. Anthu adayesa kuti nkhani yatha. South Africa idawapitirira mipira ikadalipo, Quinton de Kock atapeza 100 pa mipira 44.

Thambo lomwelo ndilo limabweretsa mvula ya masana. M'miyezi ya dzinja kuno kumacha kuli ngwee, koma pofika cha m'ma 3 koloko mitambo yakuda imaunjikana, mphepo imatembenuka, ziphaliwali n'kuyamba kung'anima, nthawi zina matalala n'kugwa. Amene timagwira ntchito panja timadziwa fungo lake isanafike. Pabwalo, amuna a matsache aja amathamanga ndi malona akuluakulu kukafunditsa bedi, pakuti madzi akalowa m'dongo limene lakonzedwa kwa masabata awiri, ntchito yonse yapita pachabe. Masewero oyamba a Test pabwaloli, mu Novembala 1995, adathera m'manja mwa mvula yotere. England idamenya, Graeme Hick napeza 141, koma South Africa sidapeze mpata n'komwe wogwira thabwa lomenyera.

Mvula idabweranso mu Januwale 2000, matimu ali omwewo, ndipo idadya masiku atatu athunthu. M'mawa wa tsiku lomaliza mtsogoleri wa South Africa, Hansie Cronje, adapempha mnzake wa England, Nasser Hussain, kuti timu iliyonse itaye ulendo umodzi womenya pofuna kuti papezeke wopambana. England idapatsidwa ma run 249 oti ithamangitse, ndipo idawapeza kutatsala pang'ono kuti nthawi ithe. Anthu adamutamanda Cronje kuti wapulumutsa masewero amene mvula idawapha. Patangopita miyezi yochepa zidaululika, pamaso pa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Edwin King, kuti munthu wina wa juga adamupatsa ndalama ndi jekete lachikopa kuti aonetsetse kuti masewerowo asathe opanda wopambana. Cronje adaletsedwa kiriketi moyo wake wonse, ndipo adamwalira pa ngozi ya ndege mu 2002. Nkhaniyi imandikhudza ngati wantchito. Ndimaganizira anthu amene adakhala masiku atatu akukoka malona ndi kukokolola madzi kuti bedi likhale louma, osadziwa kuti thukuta lawo lagulitsidwa kale m'chipinda cha hotela.

Kuyambira 1995 mpaka 2024, South Africa idagonja katatu kokha m'masewero a Test pabwaloli, ndipo koyamba ndi komwe kudali kwa jekete kuja. Kachiwiri kudali mu Febuluwale 2014, pamene Mitchell Johnson wa ku Australia, amene kwawonso mabedi ndi olimba, adatulutsa anthu 12 ndi mipira yolunjika kunthiti ndi kumutu. Kachitatu kudali mu Disembala 2021, pamene India idapambana ndi ma run 113, kukhala timu yoyamba ya ku Asia kugonjetsa eni bwalo pamalo ano. Nthawi zina zonse alendo akhala akubwerera manja ali m'khosi kapena kupulumukira pa mvula ndi kutha kwa nthawi. Mu Januwale 2016 Kagiso Rabada, ali ndi zaka 20 zokha, adatulutsa anthu 13 a England pa ma run 144. Ngakhale mu Januwale 2018, pamene kutentha kudaumitsa udzu bedi n'kukhala lofiirira ndi lochedwa, mwakuti eni ake adadandaula kuti likufanana ndi la ku India, South Africa idapambanabe, Lungi Ngidi atatulutsa anthu 6 pa ma run 39 m'masewero ake oyamba. Osamalira bwalo adanenedwa kwambiri sabata imeneyo. Ndidawamvera chisoni, pakuti nanenso ndidaimapo pamaso pa dona wokwiya chifukwa cha kapinga amene adapsa ndi dzuwa limene sindidalitume ine.

Chimene chimagwetsa alendo ambiri pano si kuchepa kwa luso. Munthu amene adakulira pa mabedi a ku India kapena ku Sri Lanka, kumene mpira umadzuka pang'ono, thupi lake lidaphunzira kuti mpira wogwera pamalo akutiakuti umafika m'mawondo. Pano mpira womwewo umafika m'chiuno, ndipo manja amautsatira okha mutu usanaganize. Umakhudza m'mphepete mwa thabwa n'kugwera m'manja mwa odikira kumbuyo. Mlendo amene amakhalitsa ndi amene waphunzira kusiya mpira: kukweza manja, kuulola udutse, pokhulupirira kuti dothi lolimbali liudumphitsa pamwamba pa timitengo take. Mu Disembala 2010 India yonse idatuluka ndi ma run 136 paulendo woyamba, South Africa n'kuunjika 620, Jacques Kallis yekha 201. Paulendo wachiwiri Sachin Tendulkar, amene adali atamenyapo 98 pa bwalo lomweli polimbana ndi Pakistan m'mpikisano wa dziko lonse wa 2003, adaima maola ambiri, kusankha womenya ndi wosiya, mpaka adapeza 111 osatuluka. Aka kadali ka nambala 50 kufikitsa ma run 100 m'masewero a Test. Timu yake idagonjabe.

Luso losiya mpirali Mmalawi wa ku Joni aliyense amalidziwa, ngakhale sadaonepo kiriketi. Akuluakulu adati kwa eni kulibe mkuwe. M'minibasi wina akakufunsa funso m'Chipedi kapena m'Chizulu pofuna kumva kalankhulidwe kako, umayankha mwachidule n'kuyang'ana pawindo. Bwana akakutchula dzina limene si lako chifukwa lako lamukanika, umavomera. Mu Meyi 2008, pamene alendo ankathamangitsidwa ndi kuphedwa m'makomboni a Gauteng, ambiri a ife tidapulumuka podziwa nthawi yotseka pakamwa ndi njira yoyenera kuilambalala. Ndakhala zaka zambiri ndikukweza manja kuti mipira idutse, ndipo sindichita nazo manyazi, chifukwa ndi mmene ndamangira nyumba ya malata kumudzi ndi kuphunzitsa ana a mlongo wanga. Koma kiriketi yemweyo amaphunzitsanso kuti wongosiya mipira sapeza ma run. Amatha kukhala pabedi tsiku lonse, dzuwa n'kulowa dzina lake lilibe kanthu kutsogolo kwake. Funso limeneli limandivuta usiku, makamaka ndikayang'ana mwana wanga.

Mwana wathu wamwamuna adabadwira kuno mu 2010. Amalankhula Chichewa ndi ife m'nyumba, koma panja amalankhula chilankhulo chosakanikirana cha m'misewu ya Pretoria, chimene eni ake amachitcha Sepitori, ndipo palibe amene angamuloze chala kuti ndi mlendo. Adayamba kiriketi kusukulu ndi mpira wofewa, ndipo pano ndi woponya waliwiro, wamtali kuposa ine. Kudumpha kwa mpira kumene kumadabwitsa alendo, kwa iye ndi mmene mpira umayenera kukhalira. Komabe pamapepala iye ndi Mmalawi. Lamulo la dziko lino silipereka unzika kwa mwana chifukwa chongobadwira kuno makolo ake ali alendo. Limamulola kupempha akakwanitsa zaka 18, ngati kubadwa kwake kudalembetsedwa ndipo wakhala m'dzikomo moyo wake wonse. Kwa iye chaka chimenecho ndi 2028. Mayi ake amafuna kuti tonse tibwerere kwathu mphamvu zisanatithere. Ine ndimawerengera zaka, ndikudziwa kuti tikamuchotsa kuno nthawiyo isanakwane tamutsekera khomo, ndipo tikamusiya tabzala tchona wina m'banja, monga amalume amene manda awo sitiwadziwa.

Lamulungu pa 29 Disembala 2024 tidapita awiri kukaonera tsiku lachinayi la masewero a South Africa ndi Pakistan. Eni bwalo ankafuna ma run 148 okha, koma bedi lidali litayamba makhalidwe ake, ndipo Mohammad Abbas, woponya wopanda liwiro lalikulu koma wodziwa kugwetsa mpira pamalo amodzimodzi, adalipeza bwino. Anthu adatuluka motsatizana mpaka 8 pamene ma run adali 99. Zitunda zonse zidangoti zii. Kenaka Rabada ndi Marco Jansen, amene ntchito yawo yeniyeni ndi kuponya, adaganiza zosiya kudikira. Rabada adayamba kumenya ngati munthu wosadziwa mantha, napeza 31, ndipo Jansen adamaliza ntchito. Kupambana kumeneko ndiko kudatsegulira South Africa njira ya ku Lord's, ku London, kumene mu Juni 2025 idagonjetsa Australia n'kukhala akatswiri a dziko lonse a masewero a Test, motsogozedwa ndi Temba Bavuma.

Mwana wanga adalumpha, nakumbatirana ndi anyamata achizungu amene sankawadziwa, kenaka adandigwira paphewa.

"Ababa, tapambana!"

"Tapambana ndani, mwanawe?" ndidamufunsa moseka.

Adandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. Tili m'njira ndidamuuza kuti Malawi nayonso ili ndi timu, kuti idalowa m'bungwe la kiriketi la dziko lonse mu 2003, ndipo mu 2019 idasewera ndi Mozambique m'mpikisano wa Kwacha Cup ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ndidati mwina tsiku lina adzavala malaya a dziko la makolo ake. Adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Koma Ababa, ine sindidziwa mmene mpira umadumphira kumeneko." Sadanene mwachipongwe. Adanena zoona zokhazokha, ndipo ndidasowa chomuyankha.

Mu Julayi 2025 tidapita kumudzi kukamanga chiliza pamanda a bambo anga. Udali ulendo wake woyamba kufika ku Ngabu ali wozindikira. Kutsika mapiri a Thyolo kulowa m'chigwa, mpweya udamulemera, ndipo masiku awiri oyamba ankangokhala pakhonde, kuyankha malonje a azakhali ake mwaulemu koma mwachilendo, ngati womenya amene wangofika kumene pabedi losadziwika. Tsiku lachitatu ndidamutenga kupita kumunda wa agogo ake. Thonje lidali litatoledwa, mapesi ali mbuu, ndipo makande adali atayamba kuyasama ndi chilimwe. Adayenda patsogolo panga, kenaka adaima, nagwada. Adalowetsa zala mumng'alu, nagogoda dothi ndi nkhonya kuti amve kulimba kwake, natola kachibuma n'kukafinya. Palibe amene adamuphunzitsa kuti agogo ake ankachita chimodzimodzi pamalo omwewo. Iye adaonera atsogoleri a matimu ku Centurion.

"Ababa," adatero osadzutsa mutu, "ili ndi bedi la tsiku lachisanu. Apa palibe angamenye."

Ndidamuuza kuti agogo ake adamenyapo zaka zoposa 40, ndi khasu, ndipo sadatuluke mpaka imfa. Adaseka, koma sadaimirire msanga. Adafunsa kuti mvula yoyamba ikagwa ming'aluyo imatseka pakapita masiku angati, ndiponso ngati kapinga angamere pa dothi lotere atamathiriridwa. Ndidamuyankha zimene ndikudziwa. Madzulo ake adapempha asuweni ake kuti amuthandize kusalaza kamalo kuseri kwa nyumba, nayeza mapazi 22 aataliatali, nazika timitengo titatu ta nsungwi. Mpira adali atabwera nawo m'chikwama osatiuza. Woyamba umene adaponya udagunda makande n'kudumpha kupitirira mutu wa msuweni wake, n'kukagwera m'khola la mbuzi, ana onse n'kuthamangira komweko akukuwa. Za 2028 sitidagwirizanebe m'nyumba mwathu, ndipo mayi ake akadali ndi maganizo awo. Koma pobwerera ku Tshwane mpira uja adausiya kumudzi, ndipo adauza asuweni akewo kuti azithirira bedilo madzulo aliwonse kufikira iye atabweranso.